Mukapita ku Karaoke ya M'zipinda ku Tokyo, Funsani za Mtengo wa Usiku Wonse

Ngati muli ku Japan ndipo anzanu akuitanirani ku karaoke ya m'zipinda, komwe gulu lililonse limapatsidwa chipinda chakechake choimbiramo ndi kudyeramo, dziwani kuti malo ambiri amalipiritsa munthu aliyense pa mphindi 30 zilizonse, osati chipinda chonse, ndipo mtengo wa usiku, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, umakwera kwambiri kuposa wa masana.

Mukafika polandirira alendo, musafulumire kutchula ola limodzi. Funsani za dongosolo lotchedwa furii taimu, limene mumalipira kamodzi n'kumaimba mpaka cha m'ma 5 koloko m'mawa. Ku Tokyo zimenezi n'zothandiza kwambiri chifukwa sitima zomaliza zimanyamuka cha pakati pa usiku, ndipo amene waiphonya sitima amapeza kuti takisi yopita kutali imadula kuposa chipindacho, pamene akanatha kukhala pamalo ofunda mpaka sitima zoyamba zitayamba kuyenda. Ulendo wathu woyamba tinalipira ola limodzi lokha, ndipo foni ya pakhoma ikalira kutichenjeza kuti nthawi yatsala pang'ono, tinkangowonjezera mphindi 30, moti pomaliza tinalipira zambiri kuposa mtengo wa usiku wonse.

Funsaninso ngati aliyense akuyenera kugula chakumwa chimodzi, chifukwa ndalama imeneyo imabwera padera. Malo a karaoke a kampani ya Manekineko amalola kulowa ndi zakudya ndi zakumwa zanu, choncho yambani mwadzera m'sitolo yapafupi musanakwere kuchipinda.