Momwe mungapangire jigi yoyesera ma bolodi anu yokha

Anzanga amene mukulumikiza ma chaja a USB, nyali za LED ndi ma controller a sola mtimashopu ta ku Luwinga ndi ku Chibavi ku Mzuzu, ndimakuonani mukugwira bolodi iliyonse ndi multimeter (kachida koyezera magetsi) pamanja. Zimatheka ma bolodi akakhala 10, koma akafika 200 maso amatopa, dzanja limaterereka, kenako kasitomala wochokera ku Ekwendeni wabwera nacho chinthu chakufa patangotha masiku atatu, zimandiwawa chifukwa ntchito yanu ndi yabwino, chikuperewera ndi kayesedwe basi. Mukufunika jigi, kachipangizo komwe mumangoikapo bolodi nkuiyesa kokha.

Musanagule kalikonse khalani pansi mulembe manambala. Mawu oti "ikuyaka bhobho" Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsa jigiyi, sawamva. Ngati ndi chaja ya USB lembani kuti itulutse pakati pa 4.75V ndi 5.25V, ndipo muiyese itanyamula katundu osati ili chabe, ikani resistor ya 5 ohms ya 10W kuti ikoke 1A. Ma chaja ambiri osalimba amaonetsa 5V yabwinobwino ali okha, mukangowasenzetsa katundu voteji imagwa.

Kenako bolodiyo ikhale ndi malo oyesera. Pojambula PCB, bolodi imeneyo, siyani timadontho ta kopa kunsi, pa ground, polowera magetsi ndi potulukira, onse mbali imodzi.

Jigiyo ndi kathabwa chabe, kalipentala aliyense akhoza kukudulirani. Mumabowola pamene pali timadontho tija nkulowetsa ma pogo pin, timapini tokhala ndi sipuling'i mkati, ndiye bolodi mukaikanikiza imagunda mapini onse nthawi imodzi. Ikaninso timisomali tiwiri tolowa m'mabowo a bolodi kuti munthu asaiike chozondoka ngakhale ali ndi tulo.

Ubongo wake ndi Arduino Uno ndi kamodyulo ka INA219, kamayeza voteji mpaka 26V komanso karenti. Chenjerani, pini ya Uno simalola zoposa 5V, musalumikize 12V mwachindunji. Pulogalamu iziyenda motere: iyambe yaona ngati palibe shoti, ipereke magetsi kudzera pa relay (switchi yoyatsidwa ndi Arduino) kuchokera ku supply yoti mwaiikira malire a karenti, iyeze, isenzetse katundu, iyezenso, ikatero iyatse LED yobiriwira kapena yofiira. Woyesa asamaganize, azingoona mtundu.

Apa ndiye pamene ambiri amagwera, ndipo ndikupemphani musadumphe. Jigi nayonso imadwala. Mapini amada ndi flux (mankhwala othandiza powotcherera), sipuling'i imafooka, ndipo chinyezi cha kuno nthawi ya mvula sichichitira chisoni chitsulo. Sungani ma bolodi awiri, imodzi yomwe mwatsimikiza ndi multimeter kuti ili bwino, ina yomwe mwaiwononga dala. Mmawa uliwonse yambani ndi awiriwa. Yabwino ikafiira kapena yoipa ikabiriwira, imani, tsukani mapini ndi spiriti ya isopropyl, musayese kanthu mpaka zitalongosoka. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikusungunula ma bolodi abwinobwino pomwe vuto linali pini imodzi yopindika.

Bolodi iliyonse ipatseni nambala pa sitika, Arduino izitumiza zotsatira ku laputopu pa chingwe cha USB muzisunga mu Excel. Musamangosunga zoti yakhoza kapena yalephera, sungani voteji yeniyeniyo, mukaona ma bolodi a sabata ino onse akutsikira ku 4.8V mudziwa msanga kuti zipangizo zomwe mwaoda ulendo uno zili ndi vuto.

Valani lamba wapamkono wochotsa static, magetsi odziunjika m'thupi omwe amawononga zipangizo, pogwira ma bolodi, makamaka mu June ndi July tikavala majuzi. Jigi iziyendera batire kuti magetsi akathima ntchito isaime. Ndipo zomwe zakhoza zisiyeni ziyake maola angapo zitanyamula katundu, muziyesenso kachiwiri musanaziike mu katoni.