Kalembedwe ka ŋ pa kompyuta

Mwafunsa mmene mungalembere ŋ, chizindikiro cha IPA (alifabeti ya padziko lonse yolembera kamvekedwe ka mawu) cha liwu la ng' lomwe timamva mu "ng'ombe". Musanayambe, khalani ndi fonti yokhala ndi zizindikirozi, monga Charis SIL kapena Doulos SIL, ndipo sungani pamtima nambala yake ya Unicode (dongosolo lopatsa chilembo chilichonse nambala pa kompyuta): 014B. Chachikulu, Ŋ, ndi 014A.

1. Mu Microsoft Word pa Windows, lembani 014B, kenako dinani Alt ndi X pamodzi. Nambalayo isanduka ŋ.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Ngati kumbuyo kwa nambalayo kuli chilembo cha pakati pa a ndi f, monga mu "ma014B", Word amamutenga a uja ngati gawo la nambala, n'kukutulutsirani china. Lembani U+014B, kapena siyani kampata kaye, mukafufute pambuyo.

2. Pa Mac, tsegulani kiyibodi ya Unicode Hex Input, gwirani Option osasiya, n'kulemba 014B.

3. Pa tsamba la intaneti, lembani ŋ mu HTML.

4. Posunga fayilo ya mawu okhaokha, sankhani UTF-8 (njira yosungira zilembo mu fayilo). Mukaitsegula n'kupeza Å‹ pamalo pa ŋ, musafufute chilichonse. Pulogalamuyo yangowerenga mabaiti awiri a ŋ, C5 ndi 8B, ngati Windows-1252, njira ina yosungira zilembo. Itsegulireninso mu UTF-8.

5. Chonde musakope chongofanana nacho. η wa Chigiriki (03B7) ndi ɳ (0273) amapusitsa maso, koma pofufuza mawu mu fayilo kompyuta siidzawapeza. Mu Word, ikani kasa kumanja kwa chizindikirocho, dinani Alt ndi X, nambala yake ionekera.