Kuizolowera Galimoto ya Dizilo ya Otomatiki Yogula kwa Wina

Musanatuluke nayo mu Chipata, sinthani oyilo wa injini, oyilo wa giyabokosi ndi sefa ya dizilo, chifukwa mawu a wogulitsa paokha si umboni. M'mawa, makamaka kukazizira mu Juni ndi Julaye, potozani kiyi pang'ono, mudikire kuti kanyali kooneka ngati waya wopotana kazime, kenako mulize injini giya ili pa P, phazi lili pa buleki. Musalole dizilo kutheratu m'thanki, popeza mpweya ukalowa m'mapaipi injini imavuta kulira, ndipo galimoto yotereyi siilira mochita kukankha. Potsika mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa, ikani giya pa 2 kapena L kuti mabuleki asatenthe.