Pulogalamu ikakana kulumikizana ndi database: muyambire pati

Seva zing'onozing'ono za m'maofesi a ma SACCO, makalabu a alimi a tiyi ndi sukulu kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje zimakonda kuvuta magetsi akathima n'kuyakanso, makamaka nthawi ya mvula ndi ziphaliwali. Tsamba limangotuluka loyera, alimi ali pamzere kudikira kuti makilo awo alowetsedwe. Musathamangire kusintha password. Yambani mwawerenga uthenga weniweni: `tail -n 50 /var/log/apache2/error.log`, kapena `storage/logs/laravel.log` ngati pulogalamuyo ndi ya Laravel.

Pa MySQL ndi MariaDB, mapulogalamu a database, nambala ya vuto imakuuzani kumene pulogalamu yathera. Zili ngati galimoto yopita ku fakitale ya tiyi: 2002 ndi 2003 ndiye kuti sinafike n'komwe pageti, 1045 ndi 1130 yafika koma mlonda wayibweza, 1044 ndi 1142 yalowa koma aikaniza kutsitsa katundu. Lililonse lili ndi mankhwala ake.

Database ikuyenda?

Lembani `systemctl status mysql`, kapena `mariadb` ngati ndi imene muli nayo. Seva ikazima mwadzidzidzi, InnoDB, gawo la MySQL losunga matebulo, imayamba yakonza zimene zinatsala panjira isanalandire aliyense. Ionereni mu `/var/log/mysql/error.log` ndipo muisiye imalize, musaiphe.

Kenako onani malo otsala pa disiki ndi `df -h`. Disiki ikadzaza, database siyaka. MySQL 8 imalemba yokha binary log, kaundula wa zonse zosintha mu database, ndipo imaisunga masiku 30, ndiye pa disiki yaing'ono malo amatha mosadziwika. Mafayilo amenewa osawafufuta ndi `rm`. Pezani malo pang'ono pochotsa ma log akale a Apache, muyatse database, kenako mugwiritse ntchito `PURGE BINARY LOGS BEFORE` ndi deti. Ngati seva ili ndi RAM ya 1 GB yokha, onaninso `dmesg | grep -i kill`, chifukwa Linux imapha mysqld, pulogalamu ya MySQL, memory ikatha.

Njira ndi yotseguka?

Ngati pulogalamu ndi database zili pa makina awiri, imani pa seva ya pulogalamu n'kulemba `nc -zv 192.168.1.10 3306`, pomwe 192.168.1.10 ndi chitsanzo cha adiresi ya seva ya database ndipo 3306 ndi port ya MySQL. Ikayankha msanga kuti "refused", makinawo mwawapeza koma palibe chomvetsera pa port imeneyo. Ikangokhala duu mpaka nthawi itatha, ndi firewall, kapena adiresi ndi yolakwika.

Za adiresizi tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi zimene zimazunza anthu kuno. Router ikazima n'kuyakanso, DHCP, yomwe imagawira makina maadiresi, ikhoza kupatsa seva ya database adiresi ina, pomwe pulogalamu ikufunabe yakale. Onani ndi `ip a`. Mukapeza kuti yasintha, musangoilemba yatsopanoyo mu pulogalamu, pakuti magetsi akadzathimanso vuto libwerera. Ipatseni seva IP yokhazikika, kapena muisungire adiresi yake mu router.

Pa Ubuntu, fayilo ya `/etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf` imabwera ndi `bind-address = 127.0.0.1`, kutanthauza kuti database imamva okhawo amene ali pa makina omwewo. Ikanipo IP ya sevayo, muyatsenso mysql, mutsimikize ndi `ss -ltnp`. Pa firewall tsegulirani makina amodzi okha, seva ya pulogalamu: `ufw allow from 192.168.1.20 to any port 3306`. Port 3306 osaitsegulira intaneti yonse. Amene muli pa Rocky Linux kapena AlmaLinux, chitetezo cha SELinux chimaletsa Apache kuimbira database ya pa netiweki mpaka mutalemba `setsebool -P httpd_can_network_connect_db 1`.

Chinanso: kwa PHP ndi MySQL, `localhost` ndi `127.0.0.1` si chinthu chimodzi. Choyambacho chimadzera pa fayilo ya socket, chachiwiricho pa TCP. Mukaona 2002 ndi mawu oti "No such file or directory", yesani `127.0.0.1`. Pulogalamu ikakhala mu Docker, `localhost` ndi container yomweyo, osati seva.

Ndinu ndani, mwachokera kuti?

MySQL siyang'ana dzina lokha. `'tiyi'@'localhost'` ndi `'tiyi'@'192.168.1.20'` ndi maakaunti awiri osiyana, aliyense ndi password yake. Lowani ndi `sudo mysql` n'kulemba `SELECT user, host, plugin FROM mysql.user;` kenako mufananize ndi dzina ndi adiresi zimene zatuluka mu uthenga wa 1045 uja.

Werenganinso kumapeto kwa uthengawo. Ukati "using password: NO", password sinatumizidwe n'komwe. Kawirikawiri ndiye kuti fayilo ya `.env`, momwe pulogalamu imasungira dzina ndi password ya database, sikuwerengedwa. Yesani ngati mmene Apache imachitira: `sudo -u www-data cat .env`. Ikakana, ipatseni fayiloyo gulu la `www-data` ndi `chmod 640`. Za `chmod 777` iwalani, mukuika password pabwalo. Ukati "YES", password yapita koma ndi yolakwika, ndipo nthawi zina chalakwitsa ndi chizindikiro cha `#` mkati mwake, chimene `.env` imachitenga ngati poyambira ndemanga. Ikani password yonse m'ma quotes. Pa Laravel malizani ndi `php artisan config:clear`, apo ayi pulogalamu ikhoza kupitiriza kugwiritsa ntchito zakale.

Vuto 1698 limabwera pulogalamu ikamalowa ngati root pa Ubuntu, pomwe root amadziwika kudzera pa `auth_socket` osati password. Musamusinthe root. Pangani akaunti ya pulogalamuyo payokha.

Uthenga wonena za "authentication method unknown to the client" ndi wa PHP yakale: MySQL 8.0 imagwiritsa ntchito `caching_sha2_password`, yomwe PHP inayamba kuimva pa 7.4. Kwezani PHP. Kubwerera ku `mysql_native_password` n'kongozengereza, poti pa MySQL 8.4 imabwera yozimitsa kale.

Mwalowa, koma mukuloledwa chiyani?

`SHOW GRANTS FOR 'tiyi'@'192.168.1.20';` akuonetsani. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku izi zimakwana (`zokolola` ndi dzina la database pa chitsanzochi):

`GRANT SELECT, INSERT, UPDATE, DELETE ON zokolola.* TO 'tiyi'@'192.168.1.20';`

Popanga kapena kusintha matebulo pamafunika CREATE, ALTER, INDEX, REFERENCES ndi DROP, ndipo ndi bwino zikhale pa akaunti ina yogwiritsa ntchito tsiku lokweza pulogalamu lokha. Tikudziwa kuti `GRANT ALL ON *.*` kwa `'%'` imathetsa uthenga wa vuto pompopompo, koma m'database muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu a m'mudzi mwathu momwe. Wina akangopeza kabowo mu pulogalamu, atenga zonse kapena kuzifufuta.

A PostgreSQL, port yanu ndi 5432. Onani `listen_addresses` mu `postgresql.conf`, kenako `pg_hba.conf`, yomwe imawerengedwa kuchokera pamwamba ndipo mzere woyamba kugwirizana ndi umene umagwira, ngakhale pansi pake pali wina wabwino. Mukasintha `pg_hba.conf` reload ikwana, koma `listen_addresses` imafuna restart. Kuyambira pa PostgreSQL 15 ya 2022, akaunti wamba saloledwanso kupanga tebulo mu schema ya `public`, ndiye mukaona "permission denied for schema public", lowani mu database yomweyo n'kulemba `GRANT CREATE ON SCHEMA public TO tiyi;` kapena akauntiyo muipange kukhala mwini database.