Momwe mungakambire ndi dotolo za kaneti ka hernia opaleshoni isanachitike

Amuna ambiri kuno ku Chipata akauzidwa kuti chotupa cha m'mphechepeche chija ndi hernia amangofunsa tsiku ndi ndalama basi, za kaneti kamene kakatsale m'thupi moyo wonse palibe amafunsa, chonsecho ululu umene ena amatsala nawo miyezi yambiri nthawi zina umachokera pa mmene kanetiko anakamangira.

Choyamba funsani ngati akung'ambani pamwamba kapena agwiritsa kamera. Ya kamera ija, laparoscopy, amakugonekani tulo tofa nato, amaboola timabowo titatu pamimba, kupopamo mpweya kuti aone bwino, kenako kuyala kaneti ka pulasitiki, mesh, kuseri kwa minofu. Kamakhala pafupifupi masentimita 10 kwa 15. Njira zake ndi ziwiri, TAPP yolowera m'mimba mwenimweni ndi TEP yodutsa kunja kwa kachikopa kokuta matumbo. Makina ake sapezeka paliponse, ndiye kaya muli ku Chipata Central kaya ku St Francis ku Katete funsani kaye, mukapeza ndi yong'amba yokha yotchedwa Lichtenstein, imene nayonso amaikamo kaneti, musadandaule, nayonso ndi yabwino ndipo imatheka ndi jakisoni wa pamsana.

Kenako funso lenileni, "Adotolo, kanetiko mukagwiritsa ndi chani?" Pali timisomali totchedwa tacks, tina ta titanium totsaliratu tina tosungunuka pakapita miyezi. Pali guluu wa kuchipatala. Pali kaneti kena kokhala ndi tominga tating'ono komata kokha, ena amasoka ndi ulusi, ndipo pa ya kamera penanso samanga nkomwe. Apa anthu amadabwa, ati kangathawe! Koma kali ngati chigamba cha mkati mwa tayala la njinga, mphamvu ya m'mimba ndiyo imakakanikizira pa bowo, kenako mnofu umamera kulowa m'timaso take.

Vuto la timisomali ndi mitsempha. Cha kumunsi chakumbali kumadutsa mitsempha yopita ku ntchafu, pafupi pomwepo palinso mitsempha ikuluikulu ya magazi, kamsomali kakalasa pamenepo munthu amamva kuotcha kapena dzanzi mpaka kalekale, nchifukwa chake madotolo odziwa ntchito sakhoma m'dera limenelo. Malangizo a 2018 a HerniaSurge, gulu la madotolo a hernia a m'mayiko osiyanasiyana, amati pa opaleshoni ya kamera, makamaka TEP, nthawi zambiri kumanga sikofunika, koma bowo likakhala lalikulu la mtundu wa direct, lobooka pa khoma la mimba lofooka, ndi bwino kumanga kuti isabwerere. Ine ndikuona ngati bowo ndi laling'ono ndipo guluu alipo palibe chifukwa chothamangira misomali, komabe woona bowolo ndi dotolo osati inu, mufunseni kukula kwake ndi chifukwa chimene wasankhira njirayo.

Auzeni ngati mumasuta fodya, muli ndi chifuwa chosatha, shuga, kapena mumavutika pokodza. Za NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, funsiranitu ngati kanetiko kalimo.

Mukatuluka yambani kuyenda pang'onopang'ono tsiku lomwelo kapena mawa lake, koma matumba a feteleza ndi kupalasa njinga ndi makala mudikire dotolo anene. Pamalopo pakhoza kutupa madzi kwa masabata angapo, nthawi zambiri amaphwa okha. Ululu ukapitirira miyezi itatu bwererani mukanene. Ndipo inu amene mukudikira tsiku, chotupa chikauma, kukana kubwerera mkati, kupweteka kwambiri ndi kusanza, pitani kuchipatala usiku womwewo, matumbo akhoza kukhala atakanirira.