Kusonkhanitsa ndi Kumvera Zimbale za Techno Yachilendo

Munthu amene akuyamba kusonkhanitsa zimbale za vinyl za nyimbo zovina zopangidwa ndi makina zotchedwa techno, makamaka zija zosatsata njira yozolowereka, adzapeza kuti zambiri sizidzifotokoza zokha. Zina zimabwera m'chikuto chopanda chithunzi, pakati pake pali kapepala koyera basi, ndipo ngakhale liwiro loziimbira silinalembedwe.

Choyamba, pendeketsani chimbale pa kuwala ndi kuyang'ana pamalo osalala amene ali pakati pa mzere womaliza ndi kapepala kaja, pakuti pamenepo pamakhala manambala ndi zilembo zozokotedwa. Mukazifufuza pa Discogs, kaundula wa pa intaneti amene anayamba mu 2000 polemba nyimbo za mtundu womwewu, mudzadziwa kampani yake, chaka chake, komanso ngati chili chodindidwa koyamba kapena chobwereza. Pogula chakale kumeneko musatsike pansi pa mlingo wa VG+ (Very Good Plus, kutanthauza chimbale chogwiritsidwapo ntchito koma chosakandika kwambiri), chifukwa nyimbo zimenezi zimakhala ndi mbali zachete kumene kukandika kulikonse kumamveka.

Za liwiro, yesani 33⅓ ndi 45 (maulendo amene chimbale chimazungulira pa mphindi), ndipo musafulumire kugamula. Popeza nthawi zambiri mulibe mawu a munthu okuuzani kuti mwalakwitsa, nyimbo imodzi ikhoza kukoma pa liwiro lililonse mwa awiriwa, ndipo ine sindiona cholakwa kusankha limene khutu lakonda. Musadabwenso singano ikakana kutuluka mumzere umodzi, chifukwa opanga ena amatseka mzere mwadala kuti uzibwereza mpaka mutainyamula. Pa 33⅓ chimbale chimazungulira kamodzi m'masekondi 1.8, ndipo kugunda kunayi kumakwana ndendende m'nthawi imeneyo ngati nyimbo ikugunda maulendo 133⅓ pa mphindi, motero mzere wotsekedwawo umabwereza popanda kusokoneza kugundako. Ku Detroit, Ron Murphy, katswiri wozokota mizere ya zimbale, anazokotanso zimbale zina zoyambira pakati kupita kunja, kotero kuti woika singano m'mphepete amangoona ikugwa.

Makina oimbira akhale olemera ndiponso okhala ndi posinthira liwiro pang'onopang'ono, monga Technics SL-1200 MK2 ya mu 1979, ndipo alumikizidwe ku ampulifaya, polowera polembedwa phono, apo ayi mawu adzatuluka otsika ndi opanda besi. Musawaike pa tebulo limodzi ndi masipika, chifukwa besi imanjenjemeretsa singano.

Poyambira pabwino ndi zimbale za Basic Channel, zimene Moritz von Oswald ndi Mark Ernestus anayamba kutulutsa ku Berlin mu 1993. Mverani mbali yonse osadumpha, pakuti kusintha kwake kumabwera pang'onopang'ono kwambiri, ndipo wongolawa masekondi makumi awiri adzaganiza kuti palibe chimene chikuchitika.

Mukatha, pukutani fumbi ndi burashi yofewa motsata mizere, bwezerani chimbale m'chikuto mutachigwira m'mphepete, ndipo muchisunge choimirira kutali ndi dzuwa, chifukwa kutentha kumachipinda.