Kutolera masitampa a Victoria Cross uli kuno ku Joni

Aliyense wokulira ku Zomba amaidziwa Cobbe Barracks, koma ofunsa kuti Cobbe anali ndani ndi ochepa. Alexander Cobbe ankatsogolera batalioni yoyamba ya King's African Rifles (KAR), ya asilikali a kwathu, ndipo pa 6 Okutobala 1902 ku Erego, m'dziko la Somaliland, anamenya nkhondo molimba mtima mpaka anamuveka mendulo ya Victoria Cross. Imeneyi ndiyo mendulo yapamwamba zedi ya asilikali a Britain. Mfumukazi Victoria anaikhazikitsa mu 1856, nkhondo ya ku Crimea ili kumapeto, ndipo kuchokera nthawi imeneyo oilandira sanakwane ngakhale 1,400. Ndi kamtanda ka mkuwa kooneka kosalira zambiri, kolendewera pa riboni yofiira moderako, kolembedwa mawu awiri okha, For Valour, kutanthauza kuti "chifukwa cha kulimba mtima". Amakasula ndi a Hancocks a ku London kuyambira pachiyambi pomwe.

Mendulo yeniyeniyo iwalani, achimwene. Ikafika pa okushoni imagulidwa mapaundi zikwi mazanamazana, ndipo zoposa 200 zili kale m'manja mwa munthu mmodzi, Lord Ashcroft. Ife a malipiro a pamwezi gawo lathu ndi masitampa okumbukira menduloyi, ndipo amenewo ngakhale wogwira ntchito ya m'dimba ku Parkview ngati ine akhoza kuwakwanitsa.

Muyambe ndi seti ya Royal Mail, positi ya ku Britain, ya Seputembala 2006, yokumbukira zaka 150 za menduloyi. Muli masitampa asanu ndi imodzi, iliyonse ndi nkhope ya munthu wake: Agansing Rai, Jack Cornwell, Charles Lucas, Noel Chavasse, Albert Ball ndi Charles Upham. Ndimaikonda chifukwa imakuphunzitsa mbiri yonse pa tsamba limodzi. Lucas ndiye woyamba: mu 1854 ananyamula bomba likufuka n'kuliponya m'nyanja kuchoka pa sitima ya HMS Hecla. Cornwell anali mnyamata wa zaka 16 zokha pa nkhondo ya pa nyanja ya Jutland mu 1916. Chavasse, yemwe anali dokotala, ndi Upham wa ku New Zealand anailandira kawiri, ndipo anthu otere alipo atatu basi. Wachitatuyo, Arthur Martin-Leake, yoyamba anaipezera konkuno ku South Africa mu 1902. Rai anali Mgurkha, msilikali wa ku Nepal, amene anamenyana ndi Ajapani mu 1944, chaka chomwe agogo athu a KAR analinso m'nkhalango za Burma.

Masitampa a 2006 anasindikizidwa awiriawiri olumikizana: awiri a 1st (First Class), awiri a 64p, awiri a 72p. Musawalekanitse. Wogulitsa akakuonetsani ong'ambidwa kale, mtengo utsike. Palinso kapepala kamodzi kokhala ndi onse asanu ndi imodzi pamodzi ndi sitampa ya 20p ya Victoria Cross yochokera mu seti ya 1990 ya mamendulo a ngwazi. Ngati ndalama yake ilipo, tengani kameneko, mwamaliza zonse kamodzi.

Mukatero yang'anani a mayiko ena. Australia inatulutsa ake mu 2000, pokumbukira zaka 100 chilandirire Neville Howse, ndipo Howseyo anapulumutsa mnzake wovulala ku Vredefort, ku Free State uko, ulendo wosakwana tsiku kuchokera pano. Canada ili ndi awiri a 2004 komanso ya 2010 ya William Hall, munthu wakuda woyamba kulandira menduloyi, pa zimene anachita ku Lucknow, ku India, mu 1857. New Zealand inatulutsa 22 nthawi imodzi mu 2011. Amenewo musawathamangire, adzabwera okha.

Kogula. Pa intaneti pali Bob Shop ndi eBay, ndipo Lamulungu ku msika wa pa denga ku Rosebank mumapezeka matebulo a zinthu zakale, nthawi zina ndi mabokosi a masitampa. Koma njira yabwino koposa ndi makalabu a otolera masitampa, omwe ali pansi pa Philatelic Federation of South Africa. Ambiri mwa mamembala ndi madala achizungu, ndipo tsiku loyamba amakuyang'ana ngati wasochera. Ukangotchula Rorke's Drift, kumene mamendulo 11 anaperekedwa pa nkhondo imodzi ya mu Januwale 1879, mipando amakukokera okha. Kumeneko mungabwereke katalogi ya Stanley Gibbons n'kukopera nambala ya sitampa iliyonse musanapite kokagula. Dziwani kuti mtengo wa mu katalogi ndi wongoyerekezera. Pa tebulo zinthu zimagulidwa motsika kwambiri, choncho nenererani mosachita manyazi monga mmene mumachitira ku Mayfair.

Inu ogwira ntchito m'nyumba za anthu muli ndi mwayi wina. Abwana akamasamuka kapena agogo a pakhomo akamwalira, mabokosi a makalata akale nthawi zambiri amangopita kudzala. Pemphani. Ndati pemphani, osati kungonyamula, chifukwa ntchito ya zaka zambiri ikhoza kuthera kapepala kochepa ngati chikhadabo.

Sitampa musanalipire muitembenuze. Kutsogolo aliyense amaona, nkhani ili kumbuyo. Yosagwiritsidwa ntchito iyenera kukhala ndi guluu wake yense, wosalala, wopanda kachipsera ka pepala lomatira limene otolera akale ankagwiritsa ntchito. Ikakhala ndi kachipserako si yoipa, koma mtengo wake ndi wina. Muwerenge mano a m'mbali ndi galasi lokuzira, chifukwa dzino limodzi lothothoka ndi chilema. Muiunike pa kuwala: pamene pakuwala kwambiri ndiye kuti pepala linasupuka. Timadontho tofiirira ngati dzimbiri ndi nkhungu, ndipo imafalikira kwa anzake, ndiye yoteroyo isiyeni ngakhale akupatseni ulere. Yogwiritsidwa ntchito ikhale ndi chidindo chopepuka chosaphimba nkhope, ndipo chikamawerengeka tsiku ndi tauni ndiye bwino kwambiri.

Chenjeraninso ndi timapepala tokongola tolembedwa maina a mayiko amene sanatumizepo msilikali ndi mmodzi yemwe ku nkhondo zimenezi. Tina ndi tovomerezeka koma tosindikizira kudyera otolera, tina n'tabodza kumene. Kopanda nambala mu katalogi ine sindigula.

Mukapeza sitampa ili pa envelopu, musafulumire kuinyika. Ngati ndi envelopu ya tsiku loyamba kutulutsidwa kwa sitampayo, yokhala ndi chithunzi ndi chidindo chapadera, isungeni yonse mmene ilili. Ikakhala envelopu wamba, dulani mozungulira kusiya mpata, muike m'mbale ya madzi ofunda pang'ono mpaka sitampa itayandama yokha. Osaikoka. Iumitseni chafufumimba pa pepala loyera, kenako muipsinje m'buku lolemera usiku wonse. Za pa envelopu yofiira kapena yobiriwira muzinyike pazokha poti utoto umasuluka. Masitampa omata okha a masiku ano ambiri sachoka m'madzi. Amenewo ingowadulirani bwino ndi pepala lake.

Kusunga ndiye vuto lathu lenileni, chifukwa ambirife tili m'zipinda za kuseri, za malata, momwe timaphikiramo ndi kugonamo. Chisanu cha ku Joni n'chouma, sichivuta. Mdani ndi mvula ya Okutobala mpaka Malichi, pamene khoma limatuluka thukuta ndipo guluu amadzimata yekha pa tsamba. Gulani buku la masitampa la timatumba toonekera, muliimike chilili pa shelefu, kutali ndi khoma lakunja ndi nthunzi ya mphika. Pansi pa matiresi ayi, kulemera ndi kutentha zimawamata. Timapaketi toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano muziponyamo. Selotepi isayandikire n'komwe. Ndipo muzigwira ndi kachopanira kosalala kukamwa, osati zala, makamaka mutangotsuka m'manja pa nsima ya nyama.

Wina asakunamizeni kuti mudzamangira nyumba ku Chinamwali ndi masitampa amenewa. Anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo mukadzafuna kugulitsa mudzalandira zochepa kuposa zimene munalipira. Phindu lake lili pa tsamba limene mwakonza. Ine pansi pa sitampa iliyonse ndimalemba ndi pensulo dzina, malo, chaka ndi zimene munthuyo anachita, m'Chichewa, kuti ana akabwera pa holide aziwerenga. Ndimalembanso chimene chimandiwawa: Cobbe anailandira, Nigel Leakey wa KAR anailandira atafa kale pa zimene anachita ku Ethiopia mu 1941, koma askari wakuda wa KAR palibe ndi mmodzi yemwe. Iwo ankapatsidwa mendulo ina yotsikirapo, Distinguished Conduct Medal ya asilikali a mu Africa, chonsecho zipolopolo sizinkasankha khungu.

Tsiku limene muli pa ofu, kwerani takisi mupite ku Ditsong National Museum of Military History ku Saxonwold, pafupi ndi zuu. Tengani kabuku ndi pensulo, mukaone mamendulo ndi mayunifolomu ndi maso anu, mukalembe maina a ku South Africa kuno monga William Faulds wa pa nkhondo ya ku Delville Wood, ku France, mu 1916 ndi Edwin Swales woyendetsa ndege wa ku Durban mu 1945. Maina amenewo ndi amene mukafunse nawo kwa madala a ku kalabu ngati pali envelopu kapena chidindo chowakumbukira.